Ndapeka kayendedwe katsopano pa gule wa contra: ndikaphunzitse bwanji, ndikatche chiyani?

Funso

Ndimagwira ntchito ya unamwino ku Sheffield, ku England, ndipo kwa zaka zitatu tsopano ndakhala ndikuvina magule a kuno, ceilidh ndi contra (pa contra anthu amavina awiriawiri atafola mizere italiitali). Chaka chatha anzanga anandikankhira kutsogolo kuti ndiyambe kuitana gule, ndiye kuti kuima pa maikolofoni n'kumauza anthu chochita nyimbo ili mkati. Tsopano ndapeka kayendedwe kangakanga. Anthu anayi agwirana manja mozungulira, alowa mkati n'kubwerera. Kenako awiri oyang'anizana pangodya alowa pakati, agundanitsa zikhatho, akankhana, aliyense n'kubwerera chafutambuyo kukaima pamalo pa munthu wa kudzanja lake lamanja, pamene awiri otsalawo akusendera kumanzere kukatseka malo asiyidwawo. Ndinakatcha "Bwerera" pofuna kuti chinenero chathu chimveke nawo. Nditakayesa koyamba m'holo munali chipwirikiti, ena kuwombana, ena kungoima kukamwa yasa. Kodi vuto ndi dzinalo kapena kaphunzitsidwe kanga? Nanga munthu amaloledwa kungopeka dzina yekha?

Yankho

Achimwene, zikomo polemba, ndipo pepani ndi chipwirikiticho. Musade nacho nkhawa kwambiri. Palibe woitana gule amene sanaimepo pa maikolofoni thukuta lili kamukamu, akuona mizere yake ikuphwasuka ngati mpanda wa udzu pa mphepo ya mwera. Ine zinandichitikira kangapo, ndipo ndikuuzani imodzi mwa nkhanizo kutsogoloku.

Ndiyambe ndi mawu amene mwina sakukomerani: kayendedwe kanuka si katsopano kwenikweni. Ndiwo zake ndi zatsopano, koma tomato ndi anyezi wake ndi yemwe uja. Kulowa mkati ndi kubwerera mutagwirana manja anayi, ovina contra amakutcha balance the ring, ndipo kumatenga mapazi 4. Kukumana pakati, kugundanitsa zikhatho n'kukankhana chobwerera, kuli ndi dzina kale, ricochet, ndipo kawirikawiri kumapezeka mkati mwa hey, kuja anthu anayi amalukanalukana osagwirana manja. Kusinthana malo, wina kudzera kutsogolo wina kusendera kumbuyo kwake, ndi pachibale ndi theka la Mad Robin. Chimene mwapeka inu ndi kulumikiza zitatuzi m'mapazi 8, ndipo kulumikizako n'kwabwino ndithu. Ndinaika zitsekerero za mabotolo zinayi pa tebulo n'kuziyendetsa monga mwafotokozera, ndipo zinayenda bwino.

Izi ndi nkhani yabwino kwa inu. Zikutanthauza kuti anthu ambiri amene anali m'holo muja mawu a zidutswa zitatuzi ali nawo kale m'miyendo. Mukanati "balance the ring, robins ricochet, larks slide left", poti robins ndi larks ndi maina a mbali ziwiri za ovina zimene kale ankati ladies ndi gents, theka la holo likanayenda osaganiza n'komwe, ndipo theka linalo likanakokedwa ndi anzawo. Inu munawalanda mawu atatu amene amawadziwa n'kuwapatsa limodzi limene sanalimvepo, ndipo ndikukayikira kuti munalitchula poyambirira penipeni, asanasunthe phazi. Munthu akamva liwu lachilendo mutu wake umaima pa liwulo. Akadali kudzifunsa kuti kodi ati chiyani, inu mwafika kale pa chiganizo chachitatu, chija chonena za kumene akupita.

Tiyeni tiwerengere nthawi, chifukwa nkhani ya maina yagona pamenepo. Gule wa contra amayenda ndi nyimbo ya mabiti 64, yogawidwa panayi: A1, A2, B1, B2, gawo lililonse mabiti 16. Biti imodzi ndi phazi limodzi. Oimba ambiri amathamanga mabiti pakati pa 112 ndi 120 pa mphindi, choncho gule yense amatha m'masekondi 32 kapena kupitirira pang'ono, n'kuyambiranso ndi maneba atsopano, ndiye kuti awiri ena amene iwe ndi mnzako mumavina nawo m'gulu la anayi. Woitana amayenera kumaliza mawu ake biti yoyamba ya kayendedweko isanagunde, apo ayi anthu achedwa. Ndiye kuti malo anu olankhulira ndi mabiti 4 omaliza a kayendedwe kam'mbuyo, masekondi awiri basi, pakati pa phokoso la vayolini, piyano ndi nsapato. Dzina la kayendedwe ntchito yake ndi imeneyo: kulongedza malangizo a mphindi yathunthu m'kathumba koti kakwane m'masekondi awiri. Kathumbako kamathandiza pokhapokha munthu anaona zimene munaikamo.

"Bwerera" m'masekondi awiri akukwana bwino. Koma tamvetserani ndi khutu la Mchewa mnzanu: likunena za anthu awiri okha, aja olowa pakati. Awiri osenderawo sakubwerera kulikonse. Ndipo ngakhale olowa pakatiwo sakubwerera pamene anachokera, akukathera pamalo pena. Mukanakhala ndi holo yodzaza anthu a ku Ntcheu, dzinali likanawasokeretsa kuposa mmene linasokeretsera azungu, chifukwa iwo akanalimvera n'kubwereradi pamalo pawo, n'kuwombana ndi amene wabwera kudzatsekapo.

Mwafunsa ngati munthu amaloledwa kupeka dzina yekha. Pa contra ndi pa ceilidh palibe mfumu yopereka chilolezo. Koma mbiri ya magulewa ili ndi zotiphunzitsa, ndiye ndiloleni ndikhalitsepo pang'ono.

Mu 1651 John Playford anasindikiza ku London buku la magule 105 lotchedwa The English Dancing Master. Malangizo ake anali afupiafupi chifukwa ankalembera anthu odziwa kale. Limodzi mwa mawu obwerezedwabwerezedwa m'menemo ndi loti sides, ndipo sanavutike kufotokoza kuti munthu amayenda bwanji. Magulewo ataiwalika, Cecil Sharp, amene anayambitsa English Folk Dance Society mu 1911, anayesa kuwadzutsa, ndipo pa liwuli anachita kulingalira: iye anati awiriwo amadutsana mokhota akuyang'anana, n'kubwerera njira yomweyo. Patapita zaka Pat Shaw anati ayi, amangopita kutsogolo kukaima phewa ndi phewa n'kubwerera. Mpaka lero mukapita kovina magule a Playford woitana amayenera kunena kuti akufuna siding iti, ya Sharp kapena ya Shaw. Dzina linapulumuka zaka zoposa 370, koma zimene zinali m'kathumba zinatayikira panjira. N'chifukwa chake ndikuti, kaya mukatcha chiyani, lembani pa khadi lanu loitanira gule mwatsatanetsatane: ndani akupita kuti, akuyang'ana kuti, pa mapazi angati, akuthera pati.

Tsono onani mmene maina ambiri okhazikika anabwerera. Petronella, kuja anthu anayi amazungulira thupi kupita malo amodzi kudzanja lamanja, poyamba silinali dzina la kayendedwe. Linali dzina la gule wathunthu wa ku Scotland. Oitana atayamba kubwereka kachidutswako n'kumakaika m'magule ena, ankangoti "monga mu Petronella muja", mpaka mawu enawo anayoyoka n'kutsala dzina lokha. Rory O'More n'chimodzimodzi: ndi gule wakale amene munali kusendera cham'mbali pa mzere wogwirana manja, ndipo lero kusenderako kukutchedwa ndi dzina la guleyo. Mad Robin anachokera ku gule wa m'mabuku a Playford, ngakhale kuti mmene a contra amayendera lero zasiyana ndi za mwini wake. Kaimidwe ka Becket, kuja umayamba uli mbali imodzi ndi mnzako m'malo moyang'anizana naye, kanatengera dzina ku gule wa Herbie Gaudreau wotchedwa Becket Reel, ndipo Becket ndi tauni ya ku Massachusetts. Pa onsewa palibe amene anakhala pansi n'kunena kuti lero ndikupatsa kayendedwe aka dzina. Munthu anatcha gule wake, guleyo anakondedwa, anthu ena n'kudzatola kachidutswa pamodzi ndi dzina lake. Alipo amene anatcha okha zinthu n'kuyenda, monga give and take ya Larry Jennings wa ku Boston, koma taonani kuti dzina lakelo likungofotokoza zimene manja akuchita.

Mbali inayo ya nkhaniyi ili kwa ovina square dance ya makono ku America, gule wa anthu asanu ndi atatu oima awiriawiri mbali zinayi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha guleyu anatchuka kwambiri, ndipo woitana aliyense ankafuna kusiya chizindikiro chake. Maina anasefukira ngati Shire m'mwezi wa Malichi. Buku la Burleson limene linkasonkhanitsa mainawa linafika pa oposa 5,000. Munthu wophunzira ku kalabu ya tauni ina ankalephera kuvina ku tauni yoyandikana nayo. Oitana anakakamizika kupanga bungwe, Callerlab, limene linachita msonkhano wake waukulu woyamba mu 1974, ndipo linasanja mainawo m'magulu: Basic, Mainstream, Plus, Advanced ndi Challenge. Kwa zaka zambiri Mainstream yokha inali ndi mayendedwe pafupifupi 70, ndipo munthu amalowa kalasi miyezi ingapo asanaloledwe pabwalo. Ubwino wake ulipo: wovina wa ku Japan kapena ku Germany amene sadziwa Chingerezi amavina bwinobwino ndi wa ku Texas, chifukwa load the boat ndi load the boat kulikonse. Koma mtengo wake ndi woti mlendo wongodutsa sangalowe. Contra ndi ceilidh chuma chake n'choti munthu wochokera ku ntchito ya usiku, amene sanavinepo chibadwire, amalowa pakhomo 7 koloko ndipo pofika hafu pasiti akuvina. Dzina lililonse latsopano limene mukuwonjezera ndi ngongole imene mukumusenzetsa munthu ameneyo.

Pano pali kusiyana kumene ife ochokera kumudzi timakuiwala. Pa mganda kapena malipenga wotsogolera akaliza wezulo gulu lonse limasintha sitepe nthawi imodzi, popanda liwu. Zimatheka chifukwa anthu omwewo akhala akukumana madzulo aliwonse kwa masabata, ndipo wezuloyo akungodzutsa zimene thupi likudziwa kale. Woitana contra alibe masabata. Ali ndi mphindi zitatu kapena zinayi, ndi anthu amene ena mwa iwo sakudziwana n'komwe. (Ndingotchulako podutsa, poti ambiri sadziwa: ofufuza mbiri ya magulewa, monga Phil Jamison, anaonetsa kuti mwambo woitana gule nyimbo ili mkati unakula ndi oimba vayolini akuda ku America m'nthawi ya ukapolo, amene ankauza anthu mayendedwe a magule achifalansa chifukwa ambiri sanapite kwa aphunzitsi a gule. Choncho inu mukaima pa maikolofoni ku Sheffield musadzione ngati mlendo pa ntchitoyo.)

Tibwere ku kaphunzitsidwe, kumene ndikuganiza kuti kunagona vuto lenileni.

Choyamba chimene wovina amafuna kudziwa ndi kumene akukathera. Njira amaipeza yekha akadziwa kopita. Ife oitana timakonda kufotokoza motsatira ndondomeko, phazi loyamba, lachiwiri, lachitatu, ndipo munthu amayenda ngati ali mumdima, osadziwa ngati wafika. Pa kayendedwe kanuka, mukakaika pambuyo pa robins chain, kuja a robins awiri amapatsana dzanja n'kuwolokera tsidya lina, zotsatira zake n'zosavuta kunena: aliyense akusinthana malo ndi neba amene waima patsidya pake. Ndiye yambani ndi zimenezo. Auzeni aloze neba wawo, ayang'ane pamene waima, muwauze kuti pamenepo ndi pamene akathere. Asinthane malo mwawamba, abwerere. Zimenezi n'zamasekondi khumi, koma tsopano munthu aliyense ali ndi chithunzi cha mathero, ndipo ngakhale asokonezeke pakati adzathamangira pamalo oyenera.

Kenako phunzitsani osenderawo, musanafike kwa okankhana. Apa ndi pamene ndikukhulupirira kuti zinakuvutani. Mtima wanu unali pa kukankhana kuja, poti ndiye pokoma, ndipo munathera mawu onse pamenepo. Awiri enawo anamva kuti nkhaniyi si yawo, anaima n'kumaonerera, ndipo obwerera chafutambuyo anawapeza ali chiimire. Kuwombana konse kuja kunachokera kwa anthu amene sanauzidwe kuti nawonso ali ndi ntchito. Lamulo limene ndimadziuza ndekha n'loti amene ali ndi mbali yosaoneka bwino ndiye woyamba kuphunzitsidwa. Muwauze kuti ntchito yawo ndi kuchoka msanga, pa biti yoyamba, chifukwa pali munthu akubwera wosaona kumbuyo. Asendere okha kawiri, okankhanawo ataima pakati. Akatero ndiye muwonjezere olowa pakati: mapazi awiri kulowa, zikhatho, mapazi awiri kutuluka. Nenaninso kuti zigongono zikhale zopinda. Kukankhako ndi kwa masewera, si kokankha minibasi yokana kulira, ndipo m'holo mumakhala agogo a zaka 70 ndi anyamata a ku yunivesite amene sadziwa mphamvu zawo.

Tsikani papulatifomu. Sankhani anthu anayi odziwa, makamaka amene munawanong'oneza nthawi yopuma, pemphani ena onse akhale pansi kapena anjute kuti aone, ndipo anayiwo ayende kamodzi pang'onopang'ono, kamodzi pa liwiro la nyimbo. Maso amagwira m'masekondi asanu zimene pakamwa pangalephere m'mphindi ziwiri. Ndimaona oitana atsopano akuopa kuchita zimenezi poganiza kuti zitaya nthawi, kenako n'kutaya nthawi yochuluka kubwereza chiganizo chomwecho katatu mokweza mawu, ngati kuti vuto linali kugontha.

Dzina libwere pomaliza, miyendo itadziwa kale. Akayenda kawiri bwinobwino, ndiye munene kuti nyimbo ikayamba mudzamva ndikuti chakutichakuti. Mawu amene mwawalonjezawo ndi omwewo muwagwiritse ntchito, osasintha ngakhale limodzi. Maulendo atatu kapena anayi oyamba itanani mawu onse. Kenako dulani, mutsale ndi "ricochet" yekha. Pofika ulendo wachisanu ndi chiwiri khalani chete muone ngati akuyenda okha, maso anu ali kumapeto kwa mizere, chifukwa kumeneko ndi kumene anthu odikira amaiwala kusinthana mbali ndipo chisokonezo chimayambira.

Nkhani ija ndinakulonjezani ndi iyi. Tsiku lina ndinaitana gule m'holo ya tchalitchi ina, yokhala ndi denga lalitali ndi makoma a miyala, mawu akubwerera ngati uli m'phanga. Ndinali ndi kayendedwe kanga kamene ndinakatcha ndi dzina lothera ndi liwu loti ring. Poyeserera popanda nyimbo zonse zinayenda. Oimba atayamba, anthu a kumbuyo ankangomva mathero a liwulo, ndipo theka la holo linamva swing. Anagwirana awiriawiri n'kuyamba kuzungulira mosangalala, pamene theka linalo likufunafuna manja oti lipange bwalo. Ndinayesa kukuwa, koma ndikakuwa kwambiri ndi pamene ankazungulira kwambiri. Kuyambira tsiku limenelo liwu lililonse limene ndikufuna kuligwiritsa ntchito ndimaliyesa pa khutu: kodi likufanana ndi swing, star, chain, hey kapena circle? Ndimapempha munthu aime kumbuyo kwa holo oimba akuyeserera, ine n'kumatchula, iye n'kundiuza zimene wamva. Yesani zimenezi ndi "Bwerera" mudzaona kuti khutu la Mngelezi, limene silinazolowere bw kumayambiriro kwa liwu, lidzatola zina.

Malo a guleyo pa pulogalamu ya usikuwo nawonso ndi nkhani. Musamuike poyamba, anthu akadali kuvula majekete ndipo atsopano sanadziwe kumanja ndi kumanzere. Musamuikenso pomaliza atatopa. Wachinayi kapena wachisanu, nthawi yopuma isanakwane, ndi pabwino. Ndipo konzani njira mwakachetechete: gule wachiwiri akhale ndi balance the ring ndi Petronella, wachitatu akhale ndi Mad Robin. Pofika pa wanuyo chachilendo chidzangotsala chimodzi, kukankhana kuja. Gule mmodzi asanyamule zachilendo ziwiri. Zina zonse zozungulira kayendedwe katsopano zikhale zodziwika ngati nsima, ndipo chotsatira chake chikhale swing ndi mnzako, chifukwa swing ndi pothawira: munthu wosokera kulikonse amadziwa kufunafuna nkhope ya mnzake, ndipo mapazi 8 amenewo amakwana kuti mzere udzikonze.

Ndi zitsekerero zanga zija ndinayesa kukamangira nyumba, ndipo mutha kutenga kapena kusiya. Aime mwa nthawi zonse, mabanja awiriawiri, oyamba atasinthana mbali. Mu A1, balance and swing ndi neba, mapazi onse 16. Mu A2, mizere italiitali kulowa ndi kubwerera, kenako robins chain kupita kwa mnzako. Mu B1 ndiye kayendedwe kanu, mapazi 8, ndipo popeza aliyense wangowoloka, mnzako akadali mbali imodzi ndi iwe, choncho swing ya mapazi 8 ikubwera yokha. Mu B2, kuzungulira kumanzere malo atatu, balance the ring, ndi California twirl, imene ikukutembenuzani kuyang'ana maneba atsopano. Ndawerenga kawiri ndipo aliyense akuthera mbali yake yoyenera. Komabe zitsekerero sizikhala ndi mawondo. Itanani anzanu asanu ndi atatu kunyumba, musunthe mipando, muwaphikire tiyi, muyese ndi nyimbo ya pa foni. Asanu ndi atatu, osati anayi, kuti muone ngati osendera a gulu limodzi sakuwombana ndi a gulu loyandikana nalo. Funsani makamaka aja obwerera chafutambuyo ngati thupi likuwalola kulowa mu swing mosavutikira, kapena akuchita kudzikoka. Akadandaula awiri mwa anayi, sinthani, ngakhale pa pepala zikuoneka zokongola.

Oimba auzeni pasadakhale. Simuyenera kudziwa maina a nyimbo zawo. Ingonenani kuti kumayambiriro kwa B1 kuli balance ndi kukankhana, ndiye mukufuna nyimbo yodukizadukiza pamenepo, osati yoyenda myaa. Oimba odziwa ntchito amakondwa akauzidwa zotere, ndipo woimba piyano akagunda mwamphamvu pamene zikhatho zikukumana, wakuphunzitsirani theka la kayendedweko popanda inu kutsegula pakamwa.

Mwaona kuti ndakhala ndikulemba larks ndi robins. Kale ankati gents ndi ladies, ndipo m'malo ambiri akadatero. M'zaka zapitazi magulu ambiri a contra asinthira ku maina a mbalamewa kuti aliyense avine mbali imene akufuna, ndipo anasankhidwa mwanzeru: lark imayamba ndi l ngati left, chifukwa ndi amene amathera kumanzere pambuyo pa swing, robin imayamba ndi r ngati right. Dzina labwino limanyamula malangizo mkati mwake chonchi. Palinso kayendedwe kozungulirana awiri mukuyang'anana m'maso, kamene kwa zaka zambiri kankatchedwa gypsy. Liwu limenelo ambiri mwa anthu a mtundu wa Romani amaliona lonyoza, ndipo oitana ambiri analisiya n'kumati right shoulder round. Kusinthako kunatenga zaka ndi mikangano yowawa, anthu mpaka kusiya kulankhulana. Dzina likangolowa m'miyendo ya anthu kulichotsa n'kovuta kuposa kuzula chitsa cha mtondo, ndiye musanalitulutse ganizirani ngati mungakonde kulimva zaka makumi awiri zikubwerazi. Ndipo mukapita kukaitana kwina funsani okonza mwambowo mawu amene anthu awo anazolowera.

Musanalengeze kuti mwapeka chinthu, fufuzani. Pa intaneti pali nkhokwe yotchedwa The Caller's Box imene ili ndi magule a contra masauzande ambiri, ndipo mutha kufunafuna potchula mayendedwe. Funsaninso oitana akale mukakumana nawo ku zikondwerero za ku Chippenham mu Meyi ndi ku Sidmouth mu Ogasiti, kapena ku chikondwerero cha magule cha ophunzira a m'mayunivesite, IVFDF, chimene chakhala chikuchitika kuyambira 1951 ndipo Sheffield yachilandirapo kangapo. Mukapeza kuti wina anazichita kale, tengani mawu ake ndipo mumutchule. Si chamanyazi. Anthu awiri kupeka chinthu chimodzi osadziwana kumachitika kawirikawiri pa gule wa anthu anayi ndi mapazi 8, poti njira zoyendera ndi zowerengeka.

Nanga Chichewa chathu chija? Sindikukuuzani kuti muchisiye. Chinenero cha magulewa chadzaza kale ndi mawu obwereka: do-si-do ndi Chifalansa, dos-à-dos, kutanthauza msana ndi msana, ndipo allemande, promenade ndi poussette zinachokera komweko. Liwu ceilidh lenilenilo ndi la Chigaeliki. Malo alipo. Koma khomo lolowera ndi dzina la gule, osati la kayendedwe. Lembani pamwamba pa khadi lanu kuti "Bwerera", pansi pake dzina lanu ndi chaka. Anthu akafola mizere, auzeni m'chiganizo chimodzi kuti guleyu dzina lake ndi lakuti, m'chinenero cha kwathu ku Malawi limatanthauza chakuti, ndipo dzinali likumukhala bwino guleyu, poti mukamaliza mzere wonse mumatembenuka n'kubwereradi. Aseke poyesa kulitchula, kenako muphunzitse ndi mawu amene akuwadziwa. Woitana wina akadzakupemphani kuti akopere khadilo, m'patseni msanga. Tsiku lina mwina mudzakhala pa mzere ku tauni ina, mukuvina gule wa munthu wina, n'kumva pa maikolofoni akuti "monga mu Bwerera muja". Lisanafike tsikulo, yesani ndi anzanu asanu ndi atatu aja, ndipo mundilembere mundiuze ngati mapazi awiri otulukira akukwana kapena a robins akufika mochedwa pa swing, chifukwa pamenepo ndi pokhapo pamene zitsekerero zanga zinandisiya ndi chikayiko.